Kodi pa 14.349 ndinali m'kati mwa bandi kapena kunja?

Kanjala_HF
Akuluakulu ndi anzanga, ndiweruzireni mlandu uwu. Dzulo madzulo bandi ya mamita 20, gawo lina la mafunde a wailesi limene tinapatsidwa ife ma amateur (olankhulana pa wailesi mongokonda), inatseguka bwino kwambiri, a ku Italy ndi a ku Germany ali mbwee paliponse, posowa poponda. Ndinakwera pang'onopang'ono mpaka pa 14.349 MHz USB pamene panali zii, n'kuyamba kuitana CQ, ndiye kuti kuitana aliyense amene akumva. Ndisanamalize n'komwe, bambo wina wa ku South Africa analowa n'kundiuza kuti ndili kunja kwa bandi, nditsike. Ndinayang'ana pa sikirini: 14.349. Malire ndi 14.350. Nanga 349 inayamba liti kuposa 350? Laisensi ya ZICTA, bungwe loyang'anira mafunde kuno ku Zambia, ndili nayo, sindiulutsa mozemba. Kodi munthuyu anali ndi mfundo, kapena anangomva 9J, chiyambi cha callsign (dzina loitanira pa wailesi) ya ife a ku Zambia, n'kuganiza kuti ndi kamwana koti akaopseze?

WaNjinga
Hahaha achimwene, mwakalipiridwa ndi mlendo m'nyumba mwanu momwe.

AgogoMorse
Mdzukulu wanga, bambo ameneyo sanakulakwireni. Anakukomerani mtima. Ena akanangomva n'kukhala chete, inu n'kumapitiriza.

Kanjala_HF
Agogo, ndi ulemu wonse, ndifotokozereni. Masamu ndiye ndimawadziwa.

MphunzitsiWaChadiza
Masamu anu ali bwinobwino a Kanjala, kungoti nambala mukuwerengayo si pamene pali mawu anu. Pa SSB, njira yotumizira mawu imene ili ndi mitundu iwiri, USB ndi LSB, nambala ya pa sikirini imaloza pamene pakanakhala carrier (funde lonyamula mawu), koma wailesi inaichotsa kale isanatumize. Mawu enieniwo amakhala pambali pa nambalayo. Pa USB amakhala kumtunda kwake, kuyambira cha pa 300 Hz mpaka cha pa 3 kHz. Ndiye mukaika 14.349, mawu anu ayala kuchokera pa 14.3493 kukafika pa 14.352. Onani tsopano pamene pali 14.350. Kam'kati kanali kochepa, gawo lalikulu linali kunja.

Zili ngati mango wobzala m'malire mwa puloti. Tsinde lili kwanu, koma nthambi ndi zipatso zikulendewera kwa aneba. Laisensi siyang'ana tsinde, imafuna kuti chilichonse chotuluka pa eriyo yanu chikhale m'kati mwa bandi.

N'chifukwa chake ozolowera sadutsa 14.347 pa USB. Pa mamita 17 malire ndi 18.168, mumaima pa 18.165. Pa mamita 15 ndi 21.450, mumaima pa 21.447. Pa mamita 12 ndi 24.990, inu mukudziwa kale pochotsera.

WaNjinga
Mango a m'malire ndiwo amatsekemera, aphunzitsi.

Petauke_QRP
Nanga pa mamita 40? Kumeneko timalankhula pa LSB. Ndiye kuti ndikhoza kukhala pa 7.200 penipeni?

MphunzitsiWaChadiza
Kumeneko zimatembenuka. Pa LSB mawu amagwera kumunsi kwa nambala, choncho pa 7.200 ali pakati pa 7.197 ndi 7.200. Papepala muli m'kati. Koma ine pamenepo sindingakhalepo. Wailesi ikhoza kuphonya ndi ma Hz makumi angapo inu osadziwa, ndiponso mbali inayo imene fyuluta imadula siifa yonse, kamatsalako kake. Komanso kungodutsa 7.200 kuno kwathu ndi kwa mawailesi oulutsa nkhani, usiku amakugonthetsani m'khutu. Mukavutikiranji? Chimodzimodzi pa mamita 80, pamwamba pake ndi 3.800.

AgogoMorse
Ana a masiku ano muli ndi mwayi, mukukanganirana ma kHz atatu pa malo otakasuka. Ife tinakulira pa 7.000 mpaka 7.100 basi. Morse, mawu, zonse m'menemo. Msonkhano wa mu 2003 ku Geneva wa ITU, bungwe la maiko loona za mafunde, ndiwo unagamula kuti oulutsa nkhani achoke pakati pa 7.100 ndi 7.200, ndipo anapatsidwa nthawi mpaka pa 29 Marichi 2009. Mabandi a mamita 30, 17 ndi 12 nawonso si a makedzana, anachokera pa msonkhano wa 1979.

Ndipo wailesi zathu zinalibe manambala owala awa. Kunali kasingano koyenda pa mizere. Ukayatsa unkayamba wadikira kuti itenthe, chifukwa ikadali yozizira inkayenda yokha, uli pano pakapita kanthawi uli apo. M'kati munali ka crystal kolira pa 100 kHz iliyonse, ndiye unkasaka kulirako n'kukonza singano kuti igwirizane nako. Amene anandiphunzitsa ine ankakumbukabe nthawi imene ma callsign a kuno ankayamba ndi VQ2, tauni ino ya Chipata ikadali Fort Jameson, 9J isanabwere mu 1964. Iwo ankati kumphepete kwa bandi ukasiye ma kHz asanu, usamachite makani ndi chipangizo.

ChemwaliFT8
Agogo anena zoona, ndipo ine ndiwonjezere, chifukwa aphunzitsi akupatsani chithunzi cha wailesi yaulemu. Ma kHz atatu aja ndi a munthu amene maiki yake yakonzedwa bwino. Ambiri a inu abambo mumapotoza mic gain mpaka kumapeto, kuyatsanso compressor, kenaka n'kumakuwa. Singano ya ALC, yoonetsa mmene wailesi ikubwezera mphamvu yopyola muyezo, imachita kukamenya kukhoma. Zikatero mawu samathera pa 3 kHz, amamwazika uku ndi uku, ma kHz angapo mbali zonse ziwiri. Munthu wotere ngakhale akhale pa 14.345 akhoza kumatayikirabe kunja. Ine kuno ku Lundazi ndimaziona pa waterfall, chithunzi cha pa sikirini choonetsa mawu a aliyense ngati mzere, sindikunena zongomva. Wina akatsegula pakamwa, mzere wake umatupa n'kuphimba anzake awiri oyandikana naye.

WaNjinga
Achemwali atchula abambo onse, palibe wopulumuka.

Kanjala_HF
Chabwino, za USB ndamva. Koma tiyeni tinene chilungamo. Pamwamba pa 14.350 panalibe munthu. Ndinamvetsera ndithu, kunali phokoso la mphepo lokhalokha. Ndinasokoneza ndani? Lamulo loteteza malo opanda munthu ndi la chiyani?

Fundi_wa_Mfuwe
Apo ndiye ndikutsutsani, achimwene. Kusamva munthu si umboni woti palibe munthu. Pa mamita 20 mawu amakwera kumwamba, kukagunda ku ionosphere, n'kukatera kutali, makilomita mazanamazana kapena masauzande. Wina akhoza kumalankhula ali ku Nyimba inu ku Chipata osamumva, chifukwa mawu ake akukudumphani. Ndipo amene mukumusokoneza si wolankhula ayi, ndi womvera, amene ali chete kwinakwake kumene mawu anu akutera. Womvera simungamumve.

Kumtunda kwa 14.350 kunapatsidwa kwa mawailesi a ntchito, olumikiza malo ndi malo. Ine ndagwirapo ntchito yokonza mawailesi kuno kuchigwa. Mvula ikagwa, misewu n'kuduka, netiweki ya foni n'kusowa, pamakhala malo amene wailesi ndiyo njira yokhayo yoitanira galimoto kapena kufunsa za wodwala. Anthu amenewo alibe 100 W ndi eriyo yapamwamba. Kawirikawiri ndi batire yotopa ndi waya womangirira pa mtengo. Simufunika mphamvu zambiri kuti muwaphimbe.

Kanjala_HF
Nanga mawailesi akuluakulu oulutsa nkhani amene nthawi zina amalowa pakati pa 7.100 ndi 7.200, malo athu enieni? Iwo ndiye ali ndi mphamvu zoopsa. Amawaletsa ndani?

MphunzitsiWaChadiza
Alipo amene amawalondola. IARU, mgwirizano wa mabungwe a ma amateur a m'maiko osiyanasiyana, ili ndi gulu loyang'anira olowerera, limalemba frequency, nthawi ndi mtundu wa chimene chamveka, kenaka madandaulo amapita kudzera ku maboma. Radio Society of Zambia ndi membala wa IARU, ndiye njira ilipo. Zimayenda pang'onopang'ono, zimenezo sindikana. Koma tikadandaula tidzayamba bwanji ngati ifenso tikumveka m'malo a eni ake?

MlondaWaUsiku
Pepani mabwana, ndilowerere ndi funso langa laling'ono. Ine za mawailesi anu ofika kutali a HF sindizidziwa. Ndimalonda pa malo ena ake cha ku Kapata, tilipo angapo, ndipo tinagula tima ovaova tam'manja kuti tizichenjezana usiku. Pa bokosi analemba 136 mpaka 174 ndi 400 mpaka 520. Mnyamata amene anatiikira anasankha 145.500, akuti pamenepo pamamveka bwino. Kodi tikulakwa? Timangoti "uli kuti, zili bwanji kugeti," basi.

WaNjinga
Ndiye ndinu amene ndimakumvani pakati pa usiku mukufunsana za tiyi!

ChemwaliFT8
A WaNjinga musawaseke, afunsa bwino. Bambo mlonda, 145.500 ndi poitanirana a ma amateur pa FM, ndipo bandi yonse ya 144 mpaka 146 imafuna laisensi ya amateur ndi callsign. Ngakhale mutakhala nayo, mabandi amenewa saloledwa kugwiritsa ntchito pa bizinesi, ndipo ulonda ndi bizinesi. Njira yake ndi yakuti abwana anu apite ku ZICTA akapemphe frequency ya kampani. Makampani a ulonda ndi makampu a alendo amachita choncho.

Fundi_wa_Mfuwe
Ndipo chonde musangochoka pa 145.500 n'kukasankha pena mwachisawawa, mukhoza kuchoka pabwino. Manambala a pa bokosi amangonena pamene kachipangizoko kangathe kufika, sanena pamene inu mwaloledwa. M'kati mwa 136 mpaka 174 muli zambiri. Kuchiyambi kwenikweni, 136 mpaka 137, ndi kumapeto kwa bandi ya ndege, imene imayambira pa 118. Pa 156.800 ndi poitanira thandizo a pamadzi. Mbali inayo, pa 406, ndi pamene timabikoni ta ngozi ta ndege ndi zombo timalira kuti ma satellite atimve. Pakatikati pali apolisi, a zanyama zakutchire, a ambulansi ndi makampani amene analipira malo awo. Ka ovaova sikadziwa zonsezi. Mukadina batani, kamatumiza basi.

MlondaWaUsiku
Ayi ndamva, zikomo. Ndikawauza abwana m'mawa. Koma akamva za ndalama ndikudziwa nkhope imene adzapange.

AgogoMorse
Auzeni kuti lamulo la ICT la 2009, limene linakhazikitsa ZICTA m'malo mwa Communications Authority, ndilo limayang'anira mafunde onsewa, ndipo kuulutsa popanda chilolezo ndi mlandu. Nkhopeyo idzasintha kachiwiri.

Petauke_QRP
Kunena za usiku, ine vuto langa ndi lina. Chiyambire kuzimazima kwa magetsi kuja kwa 2024, nyumba iliyonse kuno ili ndi sola ndi inveta. Pa mamita 40 ndimangomva zzzz kuyambira pansi mpaka pamwamba. Magetsi akazima dera lonse, kale ndiye inali nthawi yabwino yomvera, kunkachita bata. Lero ndi pamene phokoso limakula. Amene amagulitsa mainveta otchipawa amafunsidwa za malire?

WaNjinga
Kwathu ku Mchini ndi mababu a LED a pamsika. Ndikayatsa la pakhonde, Ulaya yense amasowa.

ChemwaliFT8
Kolowekani ma ferrite pa mawaya ochokera ku mapanelo, pafupi ndi inveta penipeni, ndipo mawaya awiriwo muwapote pamodzi. Eriyo muisunthire kutali ndi denga. Sizithetsa zonse koma zimachepetsa. Za aneba ndiye zimafuna kukambirana mwaulemu, mupite ndi ferrite m'manja, osati ndi mkwiyo.

Fundi_wa_Mfuwe
Nkhani ya magetsiyi isaoneke ngati tasochera, ikukhudzanso mlandu wa a Kanjala. Wailesi za 100 W zinapangidwira 13.8 V, ndipo potumiza zimakoka cha m'ma 20 A. Ambiri tikuziyendetsa pa batire ya galimoto kapena ya sola, ndi mawaya owonda aatali. Mukadina PTT, batani lolankhulira, mphamvu imagwa kufika cha pa 11 V, wailesi n'kumakakamizika. Mawu amayamba kusasa, ndipo kusasa kumeneko pa mpweya ndiko kumwazika kumene achemwali anena. Ikani mita kumbuyo kwa wailesi, osati pa batire, muone mmene nambala imagwera mukati "aaa". Ngati ikugwa kwambiri tsitsani mphamvu kufika pa 30 kapena 40 W. Wakumvani kutali sadzaona kusiyana kwenikweni, koma oyandikana nanu pa bandi adzapuma.

Kanjala_HF
Batire yanga ndi yatsopano, a Fundi.

Fundi_wa_Mfuwe
Nanga mawaya?

Kanjala_HF
Za mawaya tidzakamba tsiku lina.

WaMchinji
Moni a kutsidya, ine ndi mnansi wanu wa 7Q, kuno ku Malawi. Pali msampha wina umene sunatchulidwe. Wailesi zambiri zimene timagula zogwiritsidwapo kale zimachokera ku America. Kumeneko ndi Region 2 ya ITU, ife ndi inu tili mu Region 1. Iwo mamita 40 amafika pa 7.300, mamita 80 amafika pa 4.000, mamita 2 amafika pa 148. Wailesi yochokera kumeneko idzakulolani kutumiza pa 7.250 kapena pa 147 osadandaula, chifukwa kwawo n'kololedwa. Munthu amaganiza kuti ikanakhala kunja ikanakana. Ayi, ikutsata malire a kwawo. Zinanso zimabwera zitachotsedwa ka diode m'kati kuti zizitumiza paliponse, wogulitsa n'kumanyadira kuti "iyi ndi yotsegula". Yotereyo mlonda wake ndinu nokha.

Mbandakucha a ku America amamveka bwino kumtunda kwa 7.200, mtima umachita kuyabwa kuti uyankhe. Njira yake ndi split. Inu mumatumiza m'kati mwa malire athu, tinene pa 7.160, n'kulengeza kuti mukumvera pa 7.230. Kumvera kulibe mlandu. Koma yang'anitsitsani kuti VFO (poikira frequency) yotumizira ndi iti musanadine, chifukwa mukazisemphanitsa mwaulutsa pamwamba pa wailesi ya nkhani.

Petauke_QRP
A WaMchinji, poti mwabwera, ndikadzabwera kumaliro kapena ku ukwati kwanuko ndi ka wailesi kanga m'chikwama, ndikhoza kuyatsa? Ndi pafupi pomwepa, ndiponso tonse ndi Region 1.

WaMchinji
Mukangodutsa pa Mwami, pepala la ZICTA latha mphamvu. Kuno bungwe lathu ndi MACRA, mumayenera kupempha chilolezo chawo musanabwere. Chimodzimodzi mukadutsa pa Chanida kulowa Mozambique, kumeneko ma callsign amayamba ndi C9 ndipo ali ndi bungwe lawo. Kulankhulana inu muli kwanu ine ndili kwathu, zimenezo n'zololedwa, mawu alibe pasipoti. Chipangizo ndi mwini wake ndiwo amafunsidwa.

WaNjinga
Mbuzi za ku Vubwi zimadya tsidya lino n'kukagona tsidya ilo, palibe amazifunsa pepala.

AgogoMorse
Mbuzi ilibe callsign, mdzukulu.

MlondaWaUsiku
Ndifunsenso kamodzi. Nanga pakagwa ngozi yeniyeni, munthu akufa, foni palibe? Ndisiye kuitana chifukwa cha pepala?

MphunzitsiWaChadiza
Ayi bambo. Malamulo a ITU eni ake amanena kuti amene ali pa ngozi akhoza kugwiritsa ntchito njira iliyonse ya wailesi imene ali nayo kuti amveke, anene pamene ali, ndi kupeza thandizo. Moyo uli patsogolo. Koma mawu akuti ngozi asatambasulidwe. Galimoto kuthera mafuta pa Sinda si ngozi yotere. Ndipo a ma amateur tili ndi malo amene tinagwirizana kuti tizikumana pakagwa tsoka, m'kati mwa mabandi athu momwe: 3.760, 7.110, 14.300, 18.160 ndi 21.360. Amene anaona zimene Idai anachita ku Beira mu 2019, kapena Freddy kumwera kwa Malawi mu 2023, akudziwa mmene mafoni amathera msanga nsanja zikagwa ndi magetsi akazima. Manambala amenewa alembeni pa khoma pafupi ndi wailesi.

WaMchinji
Freddy musamutchule, aphunzitsi. Abale athu ku Blantyre ndi ku Phalombe tinakhala osawamva, mitima ili m'mwamba.

Petauke_QRP
Ndibwerere ku za malire. Ine ndikumanga ampulifaya yanga ndekha, ya 40 m, kuti ka QRP kanga, ka wailesi ka mphamvu zochepa, kakwereko pang'ono. Mnzanga wina akuti fyuluta ya kumapeto ndi yongokongoletsa, bola SWR, muyezo wa mmene eriyo ikugwirizanira ndi wailesi, ili bwino. Zoona?

Fundi_wa_Mfuwe
Mnzanuyo musamubwereke soldering iron. SWR imakuuzani za eriyo, siikuuzani ngati chotuluka chili choyera. Ampulifaya iliyonse imabala ma harmonic, ndiye kuti frequency yanu kuchulukitsa kawiri, katatu, n'kumapita. Tengani cholembera. Muli pa 7.190, m'kati bwinobwino. Kawiri ndi 14.380, kunja kwa mamita 20. Katatu ndi 21.570, kunja kwa mamita 15, m'kati mwa bandi ya oulutsa nkhani imene imayambira pa 21.450. Choipa kwambiri n'chakuti dipole ya mamita 40, ija ya waya wa mamita pafupifupi 20, imagwiranso bwino pa 21 MHz. N'chifukwa chake timaikonda, eriyo imodzi mabandi awiri. Koma ndiye kuti harmonic yachitatu siivutika, eriyo imailandira n'kuitumiza kutali.

Muyezo wa ITU kwa ife pansi pa 30 MHz, pa mphamvu ngati 100 W, ndi wakuti zotayikirazi zikhale 50 dB kumunsi kwa chizindikiro chenicheni. Pa 100 W ndiye kuti zisapose 1 mW. Popanda low pass filter simungayandikireko n'komwe. Ndi tima toroid titatu ndi ma capacitor ochepa, musaumire pamenepo. Poyesa gwiritsani dummy load ya 50 ohm, osati eriyo.

ChemwaliFT8
Ndipo a FT8, otumizirana timauthenga ndi kompyuta, tisadzione ngati oyera. Chizindikiro chathu n'chopyapyala, cha m'ma 50 Hz, koma chimakhala pa nambala ya pa sikirini kuphatikiza pamene mwadina pa waterfall. Pa 14.074 mukadina pa 1500, muli pa 14.0755. Malo ozolowereka monga 7.074, 10.136 ndi 21.074 ali kutali ndi malire, ndiye vuto si limenelo. Vuto ndi kukweza mawu a kompyuta mopyola. Mukakhala pa 600 Hz ndi mawu okwera kwambiri, mumaonekanso pa 1200 ndi pa 1800, munthu mmodzi malo atatu. Mu pulogalamu ya WSJT-X yatsani split, kaya Rig kaya Fake It, ndipo ALC isamagwedezeke.

AgogoMorse
Poti mwatchula 10.136, ndidandaule. Masiku ano ndimamva anthu akulankhula ndi pakamwa pa mamita 30. Bandi imeneyo ndi ya Morse ndi ma data basi, 10.100 mpaka 10.150, kamalo kakang'ono. Ameneyo ndiye ali kunja kwa lamulo kuposa a Kanjala.

MphunzitsiWaChadiza
Agogo, pamenepa mundikhululukire, ndisiyana nanu pang'ono. Ndondomeko ya IARU Region 1 ili ndi kamzere kapansi kamene kamalola SSB pakati pa 10.120 ndi 10.140 kwa a mu Africa kumwera kwa equator, masana okha. Ife tili m'menemo. Dzuwa likalowa, pakamwa patsekedwe.

Komanso tisiyanitse zinthu ziwiri zimene tikuzisakaniza. Malire a bandi ndi lamulo, ali pa laisensi. Kagawidwe ka m'kati, kuti apa Morse, apa data, apa mawu, kawirikawiri ndi pangano la ife eni ake kudzera mu IARU, pokhapokha laisensi yanu italemba mwachindunji. Woswa pangano amanyozedwa ndi anzake. Wodutsa malire amayankha ku boma. Pa mamita 30 palinso china: ife ndi alendo pamenepo, eni ake ndi mawailesi a ntchito, ndiye akamveka timapatuka.

AgogoMorse
Kamzere kapansi kameneko ndikakafufuza ndi magalasi anga. Koma ngakhale kalipo, sindikakonda.

WaNjinga
Agogo safuna kugonja, hahaha.

Petauke_QRP
Nanga mamita 60? Ndimamva a maiko ena ali pamenepo madzulo.

MphunzitsiWaChadiza
Msonkhano wa ITU wa 2015 unapereka 5351.5 mpaka 5366.5 kHz, mphamvu yosapitirira 15 W EIRP (mphamvu yochoka pa eriyo), ndipo ifenso ndi alendo pamenepo. Ndi ma kHz 15 okha, ndiye pa USB simungadutse 5363.5. Koma zimene zagwirizanidwa ku Geneva sizikhala zanu zokha mpaka dziko lanu litazilemba. Tsegulani laisensi yanu ndi ndandanda ya ZICTA. Ngati bandiyo palibepo, mverani chabe, kapena alembereni kalata muwafunse. Tchati chimene mwatsitsa pa intaneti chikhoza kukhala cha dziko lina.

Kanjala_HF
Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti sikirini yake ikunena zoona, ndiponso kuti mawu ake ndi otambalala bwanji? Sitonse tili ndi zipangizo za a Fundi.

ChemwaliFT8
Zilipo njira zosalira ndalama. Ya sikirini: pali mawailesi a nthawi amene frequency yawo ndi yolondola kwambiri. WWV ya ku Colorado ili pa 5, 10 ndi 15 MHz, BPM ya ku China imamvekanso pa 10, RWM ya ku Russia ili pa 9.996 ndi 14.996. Wailesi itatentha, ikani pa 10.000, mumvere pa USB kenaka pa LSB. Kamvekedwe ka kulirako kakasiyana, wailesi yanu yapatuka, ndipo zambiri zili ndi pokonzera mu menu.

Ya kutambalala: tsegulani KiwiSDR kapena WebSDR, mawailesi omvera a pa intaneti, pa foni, musankhe wolandira wa ku South Africa kapena ku Ulaya, muitane pakati pa bandi, mudzione nokha pa waterfall. Mzere ukhale ndi m'mphepete mowongoka. Mukaona ndevu mbali ndi mbali, tsitsani mic gain. Bandulo yake ndi yochepa. Wailesi zatsopano zambiri zilinso ndi poika malire anuanu, imalira kapena kukana kutumiza mukadutsa. Ikani 14.347, osati 14.350.

Fundi_wa_Mfuwe
Ka RTL-SDR, kolandirira mafunde kolumikiza ku kompyuta, nakonso kamathandiza, koma musakaike pafupi ndi eriyo yotumizira. Kamadzaza n'kukuonetsani zonyansa zimene kakupanga kokha, inu n'kuyamba kumasula wailesi yabwinobwino.

ChemwaliFT8
Kapena tichite chonchi. Loweruka m'mawa cha m'ma 9 koloko tikumane pa 7.085 LSB. Pa mamita 40 nthawi imeneyo Lundazi, Chipata, Petauke ndi Mchinji timamvana. Aliyense alankhule kwa mphindi imodzi monga amachitira masiku onse, ine ndijambula waterfall n'kuika zithunzi pano. Osakonza mic gain Lachisanu usiku, ndikufuna ndione zenizeni.

WaMchinji
Ine ndilipo. Nthawi yathu ndi imodzi, palibe chosintha.

AgogoMorse
Ine ndidzabwera pa Morse, pa 7.025. Mukandifuna mudzanditsikire.

MlondaWaUsiku
Ine ndingamvere nawo? Ka ovaova kanga kafika pamenepo?

Fundi_wa_Mfuwe
Sikafika bambo, kanu kamayambira pa 136 MHz, ife tidzakhala pa 7. Koma pa foni mukhoza kumvera kudzera pa KiwiSDR imene anena achemwali. Mukadzafuna kuphunzira za laisensi, a Kanjala ali nanu pafupi m'tauni momwemo.

Kanjala_HF
Abwere, ndidzawaonetsa. Loweruka ndilipo. Koma magetsi akadzakhala atazima ndidzakhala pa 20 W basi, achemwali musadzanene kuti ndatsitsa dala.

ChemwaliFT8
Mudzajambule mita ya batire mutumize pano, ndi mawaya omwe.